A Sodnom Sanena za Kufika

Alamu anga a Sodnom anabadwa pa 9 Malichi 1953 m'chigawo cha Zavkhan, ngakhale eni ake amati anabadwa chaka chimene nkhosa zinatha ndi chisanu, ngati kuti chaka choterocho chinangobwera kamodzi. Anakwatira mng'ono wanga Norjmaa pa 21 Ogasiti 1976. Ukwatiwo tinaukonza pa 20, koma mkwati anatulukira tsiku lotsatira, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Bambo athu atawafunsa, anayankha mwaulemu kuti iwo analonjeza kukwatira, koma sakukumbukira kuti analonjeza munthu tsiku lofika.

Ntchito yawo inali yoyendetsa lole. Kuyambira pa 3 Epulo 1972 mpaka pa 30 Novembala 2009 ankanyamula ufa, tiyi, mchere ndi makandulo kuchokera ku Ulaanbaatar, likulu la dziko lathu, kupita ku Uliastai, mtunda wa makilomita chikwi ndi kanthu, pobwera atadzaza ubweya ndi zikopa. Masiku amenewo phula linkathera chapafupi. Kutsogolo konseko munthu ankangotsata pomwe anzake aponda udzu ndi matayala. Ulendowo unkatha masiku atatu, nthawi zina asanu, ndipo kamodzi unatha khumi ndi limodzi.

Kwathu aliyense amadziwa kuti dalaivala safunsidwa kuti tifika liti. Njira imamva, ndipo ikamva imatalika. Madalaivala a masiku ano ukawafunsa amangoseka n'kuyankha, ena amachita kukuonetsa pa foni. A Sodnom ayi. Iwo safunsidwa, sanena, ndipo safuna kuti wina anene iwo ali pomwepo.

Ine ndinaphunzitsa masamu ku sekondale zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo nambala ikabwera m'mutu mwanga imandiyabwa mpaka nditaitchula. Pa 14 Okutobala 1983 ndinakwera lole yawo popita kumaliro a azakhali athu. Tili pakati pa ulendo ndinatambasula mapu pamiyendo, ndinawerengera, kenaka ndinanena kuti tikapitiriza kuyenda chonchi, mawa madzulo tikhala titafika. Sindinafunse, ndinangonena. A Sodnom anandiyang'ana. Ola lisanathe chitsulo chogwira matayala akumbuyo chinathyoka tikuwoloka mtsinje wa Chuluut, ndipo tinakhala pamenepo masiku anayi tikutafuna chambiko chouma. Maliro tinawapeza atatha. Norjmaa anandinong'oneza pambuyo pake kuti chitsulocho chinali ndi mng'alu kuyambira mu Juni, koma mpaka lero mlanduwo ndi wanga.

"Aphunzitsi awa muziwaopa," amauza alendo. "Masamu awo amathyola zitsulo."

Norjmaa anatisiya pa 6 Febuluwale 2019. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Saruul, anali atapita kale ku Korea pa 12 Sepitembala 2016, ndipo amagwira ntchito pa fakitale ku Ansan, kufupi ndi Seoul. Mwamuna wake, mnyamata wakwathu konkuno, ali pa kampani yosamutsa katundu wa m'nyumba. Pa 2 Sepitembala 2021 anabereka mwana wamwamuna, Tenuun. A Sodnom mdzukuluyo ankangomuonera pa foni, tsitsi likukula mpaka kumangidwa timichira tiwiri ngati mtsikana.

Kwathu mwana wamwamuna amametedwa koyamba akakwana zaka zitatu, kuwerengera ndi chaka cha m'mimba, ndipo akaphonya pamenepo amadikira zaka zisanu. Saruul anandituma ine kwa a lama, mkulu wa chipembedzo chathu, kuti akasankhe tsiku, poti ndine ndimasunga masiku obadwa a banja lonse. Ndinapita pa 24 Malichi 2023. A lama anatsegula buku lawo, mmene maola ndi zaka zili ndi mayina a nyama, anayendetsa chala, nanena kuti likhale Lachitatu pa 17 Meyi, nthawi ya Kavalo, kuyambira 11:40 mpaka 1:40 masana. Woyamba kukhudza tsitsi akhale munthu wobadwa chaka cha Njoka.

Pa abale onse, wa chaka cha Njoka ndi a Sodnom okha. Saruul anawaimbira tsiku lomwelo, ine ndili pomwepo.

"Ababa, mubwere. Mukalephera, pali mnzawo wa bambo a Tenuun wa kuntchito, nayenso ndi wa Njoka. Wati akhoza kutithandiza."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amanyamula mafiriji."

"Mdzukulu wanga ayambe kugwidwa m'mutu ndi wonyamula mafiriji, ine ndili moyo? Muuze azinyamula mafiriji akewo."

Chiphaso cholowera ku Korea ine ndinali nacho kale, pakuti ndinapitako kawiri. A Sodnom anali asanakwerepo ndege. Pa 11 Epulo ndinawaperekeza ku kaofesi kena kothandiza anthu kulemba mafomu a viza, ndipo ndinawasiya akulemba, ine n'kupita kukagula mankhwala a maondo. Kulakwa kwanga kunali kumeneko. Pa 28 Epulo mtsikana wa pa ofesipo anandiimbira ine, atatopa ndi kuimbira iwo. Anati mapepala sanapite, pali mzere umodzi wosalembedwa, ndipo agogowo akauzidwa amangoti amva.

Ndinawakokera komweko.

"Alamu, apa akufunsa tsiku lokafika ku Korea. Mwadumphapo bwanji?"

"Ndinapaona."

"Ndiye lembani."

"Ndilembe ndi dzanja langali kuti ndikafika tsiku lakuti? Ndine mlosi ine?"

"Ndi fomu chabe iyi."

"Pa Chuluut paja analinso mapu chabe."

Ndinawalanda cholembera n'kulemba ndekha. Iwo anatembenukira kukhoma kuti asaone, ndipo mtsikana uja analuma mlomo kuti asaseke munthu wamkulu.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri anatayika chotero. Viza inatuluka pa 16 Meyi, nthawi ili 11:15 m'mawa, mawa lake kuli kumeta. Ndinafunsa pomwepo za ndege, ndipo anandiuza kuti ya madzulo omwewo ili ndi malo awiri. Ndinathamangira kunyumba kwawo, ngati kuyenda kwa maondo angawa kungatchedwe kuthamanga. Ndinawapeza akusema kampeni kamtengo koyambira kukhudza tsitsi la mwana.

"Longedzani, alamu. Tinyamuka lero."

"Lero ndi Lachiwiri."

"Ndikudziwa. Mawa ndi Lachitatu."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri sindinayambepo ulendo pa Lachiwiri. Ndiyambe lero, pa chinthu chopanda matayala?"

"Matayala ili nawo."

"Imawabisa ikangonyamuka. Ndinaona pa kanema."

Anauzira fumbi pa kampeni kaja, napitiriza mofatsa. "Ndikanadziwa kuti pepalali lituluka lero, dzulo ndikanakagona kwa mnzanga kunja kwa tauni, ulendo ukanakhala woti unayamba Lolemba. Koma ndagona pabedi panga. Palibe chonamizira. Gulani ya mawa."

Ya mawa inali yonyamuka 8:40 m'mawa. Ndinakhala pa tebulo lawo ndi pepala.

"Tamverani tsono. Kuchokera kuno kukafika ku Seoul ndi makilomita pafupifupi zikwi ziwiri."

"Ku Uliastai kawiri. Zimenezo nenani, mtunda ulibe mlandu."

"Ndipo ndegeyo m'mwamba imatha maola..."

Anatambasula dzanja n'kukweza wailesi. Munali pulogalamu ya mitengo ya ubweya wa mbuzi, ndipo anaimvetsera ngati ali ndi mbuzi.

Chimene ndinkafuna kuwauza ndi ichi. Tikiti imati ulendo ndi wa maola atatu ndi mphindi khumi. Kunyamuka 8:40, ndiye kuti kutera 11:50 pa wotchi zakwathu. Koma wotchi za ku Korea zili patsogolo ndi ola limodzi, choncho kumeneko ikhala 12:50. Kuonjezera mzere wa mapasipoti, kudikira zikwama, ndi ola lina la pa msewu wopita ku Ansan, panyumba pa Saruul tikanagogoda cha m'ma 2:30, Kavalo atapita kale. Ndinawerengera katatu, yankho osasintha.

Ndinatuluka panja n'kuimbira Saruul.

"Mayi aakulu, ndiye nditani ine? Alendo ndaitana, nyama ndagula, kuntchito andipatsa tsiku limodzi lokha."

"Alendo uwasiye ndi mwamuna wako. Iwe utenge mwana, sizasi, kansalu kabuluu ndi mkaka, utipeze pa bwalo la ndege."

"Kumeta mwana pa bwalo la ndege? Atithamangitsa."

"Tsitsilo ndi la mwana wako, si la boma."

"Ababa akudziwa?"

"Bambo ako akudziwa kuti akunyamuka. Zina zonse atsekera ndi wailesi."

Ndinkamva makina akulira kumbuyo kwake.

"Ndikabwera naye kumeneko, ndiye kuti wa mafiriji uja sameta. Inu mukachedwa tataya zonse. Mwanayu akhala ndi tsitsi limeneli zaka zina ziwiri, ndipo anzake ayamba kale kumuseka."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Nanga mukuti bwanji?"

"Ndege ikasunga nthawi, titsala ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ikapanda kusunga, tilibe. Sindingakunamize."

"Ndibwera," anatero, n'kudula.

Lachitatu tinanyamuka m'mamawa. A Sodnom anavala mkanjo wawo wofiirira, lamba wachikasu, ndi mendulo imene anapatsidwa atapuma ntchito. Mayi woyandikana nawo nyumba anatiwazira mkaka kumbuyo kwa takisi kutifunira ulendo wabwino. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene tinkapereka zikwama. Mtsikana wa pamenepo, mwana waulemu ndithu, anawabwezera pasipoti ndi manja awiri.

"Agogo, mukatera 12:50 nthawi ya ku Korea. Muyende bwino."

A Sodnom anaima ngati aponda njoka.

"Wanena," anandiuza chapansipansi.

Tisanamalize kumwa tiyi, mphepo ya fumbi inadzuka, ya mwezi wa Meyi imene aliyense amaidziwa, ndipo analengeza kuti ndege idikira. Ine ndinayang'ana wotchi. Iwo nkhope inawala ngati munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaona? Ameneyo ayenera kuti anaphunzira kusukulu kwanu."

Tinanyamuka 9:25. Mphindi makumi anayi ndi zisanu zinapita ndi mphepo, ndipo ndinalibe chowerengeranso.

M'ndegemo, pampando uliwonse panali kagalasi koonetsa pomwe tafika ndi nthawi yotsala. A Sodnom atazindikira ntchito yake anakavundikira ndi mpango. Woyendetsa ndege atayamba kulankhula, iwo anatsokomola mpaka anamaliza. Chakudya anadya chonse, changa chomwe. Kenaka anakanikiza mphumi pa zenera n'kumayang'ana chipululu pansi.

"Apo pali chigwa chouma, ndikanadutsa cha kumanja. Uyu akungowongoka."

"Kumwamba kulibe zigwa, alamu."

"Ndiye ntchito yake ndi yotani? Ngakhale moni sanabwere kudzatipatsa."

Patapita nthawi anafunsa ngati taimapo pena iwo akuwodzera. Nditawauza kuti ndege siima, anapukusa mutu.

"Osaima pamwamba pa phiri kuponyapo mwala, osalowa m'nyumba ya munthu kumwa tiyi. Uwu si ulendo, alamu. Atitumiza ngati kalata."

Kenaka nyanja inaoneka. Anali asanaionepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananena kuti Norjmaa akanakonda kuona madzi ochuluka chonchi, iye amene ankadandaula ndi ndowa ziwiri patsiku.

Matayala anagunda pansi 1:35 nthawi ya ku Korea. Ndinasuntha wotchi yanga monga amachitira anthu onse, ndipo ndinaona kuti Kavalo watsala ndi mphindi zisanu, ife tikadali omangidwa malamba. Sindinawauze. Pa mzere wa mapasipoti wofunsa anafuna kudziwa chimene abwerera, ndipo a Sodnom anachita zala ziwiri ngati sizasi pamwamba pa mutu. Munthuyo anayamba kufunsa ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito yometa, mpaka ine ndinatulutsa kalata yotiitana. Zimenezo zinadyanso mphindi zake.

Chitseko chotulukira chitatseguka, Saruul anali patsogolo penipeni, mwana ali m'manja, chikwama paphewa, maso ali psuu. Pamwamba pake wotchi yaikulu inkati 2:24.

"Ababa, nthawi yatha," anatero asanapereke n'komwe moni. "Ndakhala pano kuyambira 12 koloko ndikuyang'ana Kavalo akupita."

A Sodnom anaika sutikesi pansi. Anagwira mutu wa mwana wawo ndi manja awiri n'kumununkhiza patsaya monga timachitira kwathu popereka moni, kenaka anawerama kwa mdzukulu, amene anabisa nkhope m'khosi mwa mayi ake. Anamusisita timichira tija. Atatero anapinda dzanja la mkanjo n'kuyang'ana wotchi yawo yakale ya chitsulo, imene sinasunthidwepo chigulire.

"Ikadali 1:25. Sizasi ili kuti?"

"Imeneyo ndi nthawi yakwathu, ababa. Kuno ndi 2:25."

"Tsikuli anasankha ndani?"

"A lama."

"A kuno?"

"Akwathu."

"Ndiye wotchi ya Akoreya anaiona bwanji ali ku Ulaanbaatar? Aphunzitsi, inu munalipo. Pakhoma pawo panali mawotchi angati?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndikudziwa bwino kuti nthawi ya Kavalo imatsata dzuwa, ndipo dzuwa la pamutu pa mwanayo linali litapendeka kale. Koma za dzuwa sanandifunse.

"Imodzi," ndinatero.

"Inkanena nthawi yakuti?"

"Yakwathu."

"Basi. Khazika mwana apo."

Saruul anayang'ana wotchi yaikulu ija, nayang'ana bambo ake, kenaka anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja n'kutsegula chikwama. Tinapeza benchi pafupi ndi pogulitsira matikiti a basi. Kampeni kamtengo kanali pansi penipeni pa sutikesi, ndipo kuti tikapeze tinakhuthula zovala zamkati za a Sodnom pamaso pa dziko la Korea. Saruul anathira mkaka wa m'katoni m'kambale kasiliva kamene kanali ka mayi ake. A Sodnom analawa, nakwinya nkhope.

"Ng'ombe yake inaonapo udzu imeneyi?"

"Ababa, mphindi zikutha."

"Usandiwerengere, iwe. Wayamba kufanana ndi mayi ako aakulu."

Anamwetsa mwana, namudontheza pang'ono pamphumi. Anayendetsa kampeni kamtengo pa tsitsi, kenaka analandira sizasi yomangidwa kansalu kabuluu. Sizasiyo inaluma kawiri isanadule. Anamudalitsa kuti akhale ndi moyo wautali, akalambe mpaka mano atsopano amere, asadzasowe pomangirira kavalo wake. Anamulonjezanso mwana wa kavalo wa mphumi yoyera, ngakhale tonse tikudziwa kuti a Sodnom alibe kavalo, ndi wa mng'ono wawo ameneyo, ndipo mwini wake anali asanauzidwe. Tsitsi lija analiika mu mfundo ya kansalu. Wotchi yawo inkati 1:36.

Ndinadula ine, kenaka Saruul, amene tsopano ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Tenuun sanalire. Anali atapeza mendulo ya agogo ake ndipo ankafuna kuizula.

Nthawi yonseyi panali mayi wina wosesa, wa msinkhu wanga, ataima chapatali ndi tsache ndi kangolo kake, kudikira kuti timalize asese. Anthu ena ankangodutsa, koma iye anaima mpaka a Sodnom anamuona.

"Uyo waima apo ndi mlendo wathu. Muitane adule."

"Ababa, ali pa ntchito."

"Pa mwambo uwu munthu saonerera chabe. Muitane."

Saruul anapita kukalankhula naye m'Chikoreya, akuwerama mobwerezabwereza. Mayiyo anakana ndi manja onse awiri, anayang'ana uku ndi uku ngati akuopa abwana ake, kenaka anatsamiritsa tsache pa kangolo, navula magolovesi. Anadula katsitsi kochepa kwambiri kuseri kwa khutu, nanena mawu ena amene Saruul anati akutanthauza kuti akule wathanzi. Atauzidwa kuti wodula amapereka kanthu, anafufuza m'matumba a yunifolomu n'kupeza siwiti imodzi ya ginseng, muzu wamankhwala wa kumeneko. Tenuun anaiika m'kamwa, anailavulira m'dzanja la agogo ake, ndipo agogowo anaidya.

Mayi uja anavalanso magolovesi, anayang'ana pansi pa benchi, ndipo sanapeze tsitsi ndi limodzi lomwe. Anasesapo ndithu, poti anali atadikira.